Foni itiuze zoona pa ndalama za mawa

Ambirife kumudzi kuno timadziwa kusunga ndalama kwa miyezi yochepa. Ku banki mkhonde timaponya masheya sabata ndi sabata, chaka chikatha n'kugawana, ndalamazo n'kuthera ku feteleza, fizi ndi Khrisimasi. Chimene chimatikanika ndi kusungira zaka khumi kapena makumi awiri zikubwerazo, pamene khasu lidzayambe kulemera m'manja. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, koma mlimi, wakabaza ndi mayi wogulitsa tomato lamuloli siliwafika.

Masiku ano kuli mapulogalamu a pafoni ndi pakompyuta othandiza munthu kukonzekera zimenezi. Amakufunsa zaka zako, ndalama zimene umapeza pamwezi ndi chimene ukufuna kudzakwanitsa. Ukasintha yankho limodzi, chiwerengero chimasinthanso pomwepo, ndipo umadzionera wekha kusiyana kwa kuyamba lero ndi kuyamba pakatha zaka zisanu.

Kodi zoterezi zimasinthadi maganizo a munthu? M'chaka cha 2011, Hal Hershfield ndi anzake ku America adatulutsa kafukufuku amene adaonetsa achinyamata nkhope zawo zitakalambitsidwa ndi kompyuta. Atafunsidwa mmene angagawire madola 1,000, amene adadziona ali ndi imvi adapatulira ukalamba wawo ndalama zoposa kawiri zimene adapatula anzawo amene sadaone. Kuno ku Africa, dziko la Kenya lili ndi M-Shwari, imene idayamba mu 2012. Munthu amatha kutsekera ndalama zake pafoni mpaka tsiku limene wasankha yekha, kuti chilakolako cha lero chisadye za mawa.

Zonsezi n'zabwino, koma ine monga mphunzitsi wa masamu ndili ndi nkhawa imodzi. Pulogalamu imene siwerengera kukwera mitengo kwa zinthu imangomusangalatsa munthu, osamuthandiza.

Samu iyi ndimapatsa ophunzira anga pa sekondale yoyendera pomwe ndimaphunzitsa. Mukamasunga K10,000 mwezi uliwonse kwa zaka khumi, popanda chiwongoladzanja, mudzakhala ndi K1,200,000. Ana amaomba m'manja. Kenaka ndimawauza kuti tiyerekeze kuti mitengo ikukwera ndi 20 peresenti chaka chilichonse. Katundu wa K100,000 lero adzafika pafupifupi K619,000. Ndiye kuti K1,200,000 ija idzagula zimene K194,000 ikugula lero. Apa kalasi imangoti zii.

Izi si zongopeka m'kalasi. Tonse tikukumbuka kuti kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adasungira malata ndalama pansi pa mphasa adapeza kuti zangokwanira denga la khitchini. N'chifukwa chake makolo athu amakhulupirira mbuzi kuposa pepala.

Choncho musanakhulupirire chiwerengero chimene foni yakuonetsani, funsani mafunso atatu. Choyamba, kodi chawerengera kukwera mitengo? Chachiwiri, akachotsa zolipiritsa zawo, kodi chiwongoladzanja chotsalacho chikuposa kukwera mitengoko? Ngati sichikuposa, ndalama zanu zikuchuluka pamaso koma zikuonda pamsika. Chachitatu, kodi amene akusunga ndalamazo ali ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi? Wokulonjezani phindu lowirikiza pamwezi umodzi, muthaweni.

Chinanso, musamamatire pa K10,000 yomweyo zaka zonse. Sankhani gawo, mwachitsanzo K1 pa K10 iliyonse imene mwapeza, kuti zopeza zikakwera, zosunga zikwerenso.

Kwa mabanki ndi makampani a mafoni, pempho langa ndi ili. Anthu ambiri kuno ali ndi mafoni a mabatani, ndipo adazolowera kale kudina manambala pa Airtel Money ndi Mpamba. Tipatseni pulogalamu yoyenda mwa njira yomweyo, ya m'Chichewa, yosafuna intaneti. Izimufunsa mlimi kuti amakolola liti, m'malo momuyesa wolandira kumapeto kwa mwezi. Yankho izipereka mu zinthu zimene iye amazidziwa: matumba angati a feteleza, malata angati, fizi ya matemu angati.

Pang'onopang'ono ndi mtolo, inde. Koma wotola nkhuni adziwe msanga ngati m'mtolomo mwalowa chiswe.