Pulofesa Chiphangwi ndi sukulu ya madokotala ya kwathu

Kuno ku Al Sadd, komwe ndimakonza makompyuta, chipatala cha Hamad tili nacho pafupi, ndipo madokotala ake ambiri ndi obwera, ophunzitsidwa ndi mayiko ena. Abale, vuto la madokotala opita kunja osabwerako si lachilendo kwa ife.

Pulofesa John Chiphangwi anali dokotala wa amayi pa Queen Elizabeth ku Blantyre, nthawi yomwe Malawi analibe sukulu ya madokotala. Boma linkatumiza ana kunja, ambiri n'kukhaliratu komweko. Iwo analimbikira mpaka College of Medicine inatsegulidwa mu 1991. Gulu loyamba linayambira ku St Andrews ndi ku London, n'kudzamalizira m'mawodi a Queens mu 1992. Nzeru yake inali yoti dokotala azolowere malungo, TB ndi uchembere wa kwathu asanalandire pepala. Mu 2021 kolejiyi inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing kukhala KUHeS.

Pano mwana wa achemwali anga akufuna udokotala, ndipo ena m'banjamu akuti timutumize ku India. Ine ndanena Blantyre, fizi ndithandizako.