Chisoti cha babu chinatsala pang'ono kutiotchera mdadada

Ndiyambe ndi kupepesa kwa aphunzitsi a Chichewa. Chinthu chimene ndikufuna kukamba lero, ife a ku Zingwangwa kuno timangochitchula kuti "chija amavindikira babu chija", ndipo timamvana. Ine ndachitcha chisoti cha babu. Amene dzinali lawanyansa alembe kalata kwa mkonzi.

Inu amene munachitapo lendi m'mdadada mukuidziwa bwino nyumba imene ndikunena. Zitseko zisanu, bafa limodzi, mita imodzi, siling'i palibe. Pakati pa chipinda pali waya wolendewera kuchokera ku phaso, ndipo kumapeto kwake kuli babu lili mbulanda. Babu lotere silisunga chinsinsi. Ukangoyatsa, dzimbiri la malata, ulusi wa kangaude ndi mng'alu wa pakhoma, zonse poyera. Ukati uwerenge buku limakulasa m'maso. Mlendo akabwera umachita kulakalaka magetsi atazima kuti muyatse kandulo, umphawi ubisikeko pang'ono.

Tsiku lina mnzanga amene tinali naye ku koleji, uja anapitiriza ine nditabwerera panjira, anandiitanira nkhomaliro pa malo ena odyera cha ku Namiwawa. Iye akukamba za ntchito yake, ine maso ali kudenga. Mababu onse pamalopo anali atavala madengu. Madengu enieni a nsungwi, omwe aja agogo anga ankatutira chimanga, atangowazondotsa n'kuwaboola pansi. Kuwala kunkatulukira m'mipata ya nsungwi n'kulemba maluwa pakhoma. Azungu awiri anali kalikiliki kujambula ndi foni. Ndinabwerera ku Zingwangwa mtima ukundiuza kuti, "Aise, zimenezi ndiye zingakukanike?"

Dengu ndinalibe, koma panali thumba la simenti lopanda kanthu limene amisiri anasiya kuseri kwa bafa. Ndinasenda pepala lam'kati, n'kulipukuta, n'kulipindapinda ngati siketi ya ana asukulu. Ndinapinda waya wonga uja tinkapangira magalimoto tili ana, n'kumatapo pepalalo. Pofuna kuti chioneke ngati mpira, ndinamanga pamwamba ndi pansi pomwe ndi ulusi, babu lili m'kati. Nditayatsa, chipinda changa chinasanduka hotela. Ana a pamdadada anachita kusinthana pakhomo kudzaonerera.

Chimenecho chinali chaka cha 2022, ndipo mukukumbukira mmene zinthu zinalili. Mu Januwale chaka chimenecho namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo mamegawatsi pafupifupi 130 anasowa m'mawaya a dziko lino mpaka mu 2023. Magetsi ankachoka m'mamawa n'kubwera pakati pa usiku ngati mwamuna wamitala. Tonse tinazolowera kudina switchi, kuona kuti kulibe, n'kuisiya choncho osaibwezera.

Ndi mmene ndinachitira madzulo ena mwezi wa Juni. Ndinadina, kulibe, ndinakhoma chitseko n'kupita ku Bangwe kukagona kusiwa. Babu limene linali m'chisotimo linali lakale lija lotentha, la mawatsi 100, limene ndinagula pa okala poti linali lotchipa. Magetsi anabwera cha m'ma 1 koloko usiku.

Anatipulumutsa ndi mayi a chitseko chachitatu, amene ankadzuka magetsi akabwera kuti asite mayunifolomu a ana. Poti siling'i palibe, fungo la pepala lopserera linadumpha makoma awiri n'kuwapeza. Anakuwa, anthu anadzuka, mnyamata wina anathamangira kukazimitsa pa meni switchi, ena n'kuthyola loko wanga. Anapeza chisoti chija chikunyeka, holda itasungunuka, ndipo chidutswa china chinali chitagwera kale pamphasa pafupi ndi katoni ya mabuku anga. Pamdadadapo pankagona anthu 17, ana asanu ndi mmodzi mwa iwo.

M'mawa ndikufika, maso ali psuu ndi tulo ta kusiwa, ndinapeza mayi landilodi atakhala pa mpando pakhomo panga. Sanakalipe ayi. Anangondiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kufunsa kuti, "Achimwene, sukulu munapita ija ndi yomweyi?"

"Amayi, ndalakwa," ndi mawu okhawo amene anatuluka.

Safunsa anadya phula. Sabata yomweyo ndinanyamula holda yosungunuka ija n'kupita nayo ku Ndirande kwa mkulu wina wa zamagetsi, yemwe ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Anaitembenuzatembenuza, n'kundifunsa kuti, "Mphwanga, nkhuku ukaitsekera m'mphika n'kusonkhezera moto, umati itani?" Kenaka anandifotokozera zimene ndikadayenera kudziwa ndisanagwire pepala.

Babu lakale lija, la kawaya kofiira m'kati, kwenikweni ndi mbaula imene imawalako pang'ono. Pa mphamvu ya magetsi imene limadya, yoposa magawo 90 pa 100 alionse imasanduka kutentha, yotsalayo ndiyo kuwala. Galasi lake limatentha kuposa madzi owira. Likakhala pamtetete mpweya umachotsa kutenthako. Ukalitsekera m'pepala, pamwamba pomanga pansi pomanga, kutentha kumangounjikana, ndipo pepala louma limayaka likafika madigiri cha m'ma 230. Ine ndinali nditamanga uvuni n'kuupachika kudenga.

Babu la LED ndi nkhani ina. La mawatsi 9 limawala pafupifupi chimodzimodzi ndi lakale la mawatsi 60, ndipo ungaligwire ndi dzanja likuyaka. Inu a bizinesi amene mumakonda masamu, nawa: kuyatsa maola asanu tsiku lililonse kwa masiku 30, lakale lija limadya mayunitsi 9, pamene la LED silikwanitsa n'komwe yunitsi imodzi ndi theka. Pamdadada pamene mita ndi imodzi ndipo mwezi ndi mwezi mumakangana za amene wamaliza mayunitsi, masamu amenewa ndi mtendere. Nkhaniyitu si yachilendo. Cha mu 2012 ESCOM, mothandizidwa ndi boma la Britain, inayenda m'makomo kusintha mababu otentha n'kuika opotana aja timati ma enaje seva, ndipo patapita zaka inabweranso ndi a LED. Koma otenthawo sanatheretu. Ambiri tinawasunga m'makatoni poti "adzathandiza tsiku lina", ndipo langa linathandizadi.

Komabe LED nalo, anatero mkuluyo, limafuna kupuma. Kumutu kwake kuli tizipangizo timene timafunda, ndipo ukalitsekera limafa msanga. Choncho chisoti chilichonse chikhale chotsegula pamwamba ndi pansi, mpweya wotentha uzitulukira kumwamba wozizira ukulowera kunsi, ndipo pakati pa babu ndi pepala pazilowa zala zinayi mbali zonse. Chinanso ndi kulemera. Waya wolendewera uja amangogwiridwa ndi tizomangira tiwiri m'holda. Chisoti cha pepala angachinyamule, koma dengu ayi. Dengu limangiriridwe ku phaso ndi chingwe chakechake, waya wa magetsi azingodutsa osanyamula kanthu.

Nditamufunsa za kulumikiza ndekha mawaya kuti babu litsikire pafupi ndi tebulo, nkhope inasintha. Magetsi a m'nyumba zathu ndi mavoti 230, ndipo amapha. "Pepala, nsungwi ndi guluu, zimenezo ndi zako," anatero. "Mkuwa ndi wanga." Anandionetsa kuti holda ya babu la mapini ili ndi kamkombero kamene kamamasuka. Uzimitse pa meni switchi, uchotse babu, umasule kamkomberoko, ulowetse chisoti chimene waboola bowo la masentimita pafupifupi 3, ubwezeretse kamkombero. Basi, osakhudza waya ngakhale mmodzi.

Kuyambira pamenepo ndapanga zisoti zoposa makumi awiri, ndipo zina zinali zoseketsa. Pali njira ija ya chibaluni: umachipopa, n'kuchikulunga ndi ulusi kapena chingwe cha khonje choviika m'guluu, kusiya malo awiri osakulunga, n'kuchipachika kuti chiume. Chikauma umaphulitsa chibaluni, n'kutsala ndi mpira wa ulusi wokhawokha. Nthawi yoyamba, pofuna kupulumutsa ndalama, ndinaphika phala la ufa wa chinangwa m'malo mwa guluu. Linagwira bwino zedi. Patatha sabata ziwiri mphemvu za pamdadada wonse zinali zitachita msonkhano kudenga kwanga, chisoti chili mabowo okhaokha. Gulani guluu woyera wa akalipentala, mumusungunule ndi madzi pang'ono. Ndipo musayese ntchitoyi masiku a chiperoni, chifukwa m'malo mouma tsiku limodzi kapena awiri chimayamba nkhungu.

Kwa ana asukulu ndinene izi. Pepala la simenti ndi lokongola koma limadya kuwala. Ngati cholinga ndi kuwerenga, pangani chisoti chooneka ngati chipewa cha msodzi, chotambalala kunsi, ndipo m'kati mwake mumate pepala loyera. Choyeracho chimabweza kuwala konse kutebulo, maso osalasidwa, ndiponso mnzanu wogona naye chipinda chimodzi amapeza kamdima koti agonemo. Yang'ananinso pakatoni ya babu. Lolembedwa 6500K limawala mbuu ngati kuchipatala, labwino powerenga. Lolembedwa 2700K kapena 3000K limawala mofiirira ngati nyali ya galasi, ndipo ndi limene limakongoletsa nsungwi ndi pepala. Amayi ogulitsa tomato usiku pamsika wa Zingwangwa, yesani lofiiriralo muone mmene tomato wanu aonekere.

Ena anena kuti nkhaniyi ndi ya anthu a magetsi okha, ndipo akunena zoona pang'ono. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankaunikira magetsi, pamene oposa theka ankadalira matochi a mabatire. Koma timababu ta sola ndi tija totchaja nato ndi ta LED, ndipo chisoti cha pepala chimatikhala bwino kwambiri. Chimene ndikuletsa ndi mawu akulu ndi kuvindikira kandulo kapena koloboyi ndi pepala. Chimenecho si chisoti, ndi maliro.

Mwina mukuti ndi masewera a ana. Mu 1951 mmisiri wina wotchuka, Isamu Noguchi, anafika mu mzinda wa Gifu ku Japan, kumene anthu ankapanga nyali za pepala ndi nsungwi zoikamo kandulo. Malonda awo anali akulowa pansi. Iye anasintha kaonekedwe kake, n'kuikamo babu m'malo mwa kandulo, n'kuzitcha Akari. Nyali zimenezi zinafika mpaka m'nyumba zosungiramo zaluso za ku New York, ndipo olemera amazigula pa mtengo woti ungalipire lendi ya ku Chilomoni miyezi ingapo. Zipangizo zake ndi pepala, nsungwi, waya ndi guluu. Kuno kwathu bungwe la PAMET mu Blantyre momwemuno linaonetsa kalekale kuti mapepala otayidwa, makungwa a nthochi ngakhale ndowe za njovu zimatulutsa pepala lolimba loti alendo n'kumalimbirana.

Apa ndi pamene pamandipweteka. Wolukaluka wa kumudzi amagulitsa dengu lake pa mtengo wa dengu. Wina amaligula, n'kuliboola pansi, n'kulipachika ku Namiwawa, ndipo mtengo umasintha dzina. Pakati pa awiriwa pali bowo limodzi la masentimita atatu ndi chingwe. Ku Ndirande kuli amisiri okhoma zidebe ndi mbaula amene angathe kupinda mikombero ya waya zana limodzi pa tsiku. Ku Bangwe ndi ku Machinjiri kuli amayi a manja aluso amene amaluka nsalu za pamipando usiku wonse phindu lake osaoneka. Koma mashopu a ku Limbe adzaza ndi zisoti za pulasitiki zochokera kunja, zogulidwa ndi madola omwe timati akusowa aja, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kwa inu mavenda amene mwayamba kale kuwerengetsa phindu, pempho langa ndi limodzi. Musagulitse chisoti chokha. Gulitsani pamodzi ndi babu la LED, mtengo ukhale umodzi, ndipo wogula mumuuze pakamwa kuti lotentha lija asaliyandikize. Mukamusiya akasankhe yekha babu, akagula lotchipa ngati mmene ndinachitira ine, ndipo si mdadada uliwonse umene uli ndi mayi wosita mayunifolomu 1 koloko usiku.

Mayi landilodi aja anakhala miyezi itatu akungondiyankha moni ndi mutu. Ndalama ya loko ndi ya holda anaiphatikiza pa lendi, ndipo sindinatsutse. Chaka chatha, kutatsala sabata imodzi kuti mwana wawo achite chinkhoswe, anagogoda pakhomo panga madzulo. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana dengu limene lili kudenga kwanga tsopano.

"Achimwene, zoterezi zinayi mungapange pofika Lachisanu?"

Ndinati ndingathe.

"Koma mababu ndikagula ndekha," anatero, "ndipo wodzapachika ndi wa ku Ndirande uja, osati inu."