Kalumikizidwe Ka Mababu A Batire

Alimi ambiri akagulitsa fodya amagula batire ndi sola kuti aunikire nyumba. Koma cenjerani polumikiza mababu.

Magetsi ayenda m'waya monga madzi m'ngalande ya kudimba. Mukalumikiza mababu atatu mondondozana pa njira imodzi, mavolti 12 a batire agawika, babu liri lonse lilandira 4 okha, kuwala kwace ngati koloboyi. Limodzi likapsa, nyumba yonse mdima bii!

Patsani babu liri lonse mawaya ace awiri ocokera ku batire. Motero onse alandira 12, ndipo limodzi likafa anzace ayakabe, ngakhale batire itha msangako.

Kundondozana kuthandiza m'toci: miyala iwiri ya mavolti 1.5 ipereka 3. Mwana akatembenuza mwala umodzi, toci siyaka.