SAYANSI YA PAKHOMO, GAWO 4: CHIDULO NDI MADZI A PA MJIGO

Mlungu watha tinaona m'mene mchere umasungunukira m'madzi. Lero tiona chimene chimachitika pamene michere iŵiri yosungunuka ikumana ndi kubala chinthu chokana kusungunuka.

Aliyense amene anakhalapo m'maboma a Machinga ndi Balaka, amene anali boma limodzi kufikira m'chaka cha 1998, adziŵa kuti pa mijigo ina sopo sachita thovu msanga. Chochititsa ndi calcium, wochokera m'miyala imene madziwo amadutsamo pansi pa nthaka. Adziŵanso chidulo chimene amayi amasefa kuchokera ku phulusa pofuna kuphika therere. Mphamvu yake yaikulu ndi mchere wotchedwa potassium carbonate.

Tsiku lina mankhwala atatithera pa sukulu, ndinatuma mtsikana wa Fomu 3 kukapempha chidulo kwa amayi ake. Tinachithira m'botolo la madzi osungunuliramo calcium chloride. Nthaŵi yomweyo madzi oyera mbee anasanduka ngati mkaka, ndipo ufa woyera unadikha pansi. Ufa umenewu ndi calcium carbonate, mtundu womwewo wa mwala umene anthu amaotcha ku mapiri a Chenkumbi popanga laimu.

Kuona ndi maso sikunavute. Vuto linadza polemba. Ambiri analemba chotere:

CaCl₂ + K₂CO₃ → CaCO₃ + KCl

Tsono tiyeni tiŵerenge. Kumanzere kuli maatomu aŵiri a potassium ndi aŵiri a chlorine, koma kumanja kuli imodzi imodzi. Kodi enawo apita kuti? M'botolo simunatuluke kanthu. Katswiri wa ku France, Antoine Lavoisier, analongosola m'chaka cha 1789 kuti zinthu zikamasandulika kulemera kwake konse sikuchepa kapena kuwonjezeka. Chotero tiyenera kuika 2 patsogolo pa KCl:

CaCl₂ + K₂CO₃ → CaCO₃ + 2KCl

Wokayika ayese pa sikelo: magalamu 111 a calcium chloride ndi 138 a potassium carbonate amapereka 100 a ufa woyera uja ndi 149 a potassium chloride. Uku 249, ukonso 249.

Apa ndi pamene ana ambiri amatayira malikisi pa mayeso a MSCE. Pofulumira, mwana amalemba KCl₂ kapena K₂Cl, kusintha kanambala kam'munsi. Kutero ndi kupeka chinthu chimene kulibe padziko. Kanambala kam'munsi ndi mbali ya dzina la chinthucho, ndipo sikakhudzidwa. Nambala yapatsogolo ndiyo imanena kuchuluka kwake, ndipo ndi yokhayo tiloledwa kusintha. Ndiulule kuti ife aphunzitsi tili ndi mlandu: timaloŵezetsa mayankho pa bolodi m'malo mozoloŵeza ana kuŵerenga okha.

Langizo langa ndi ili: gulu la CO₃ muliŵerenge ngati mtolo umodzi, osaumasula, pakuti limaoloka lonse lathunthu kuchoka kwa potassium kunka kwa calcium. Zindikiraninso kuti potassium ndi chlorine amatsala m'madzi monga analili poyamba, ongoonerera chabe. Okwatirana enieni ndi calcium ndi carbonate.

Yesani ntchito iyi kunyumba: linganizani CaCl₂ + Na₂CO₃, mchere wachiŵiriwo ndiwo soda wochapira. Yankho lidzatuluka mlungu wamaŵa, pamene tidzakambe za mchere wa m'nyanja ya Chilwa.