Silabasi ikasintha mayeso a CCNA ali pafupi

Pa 24 February 2020, anthu ambiri amene ankakonzekera mayeso a CCNA anadzuka n'kupeza kuti mabuku omwe anawagula modula asanduka a chaka chatha. Tsiku limenelo kampani ya Cisco ya ku America inathetsa mayeso akale a nambala 200-125, pamodzi ndi njira yolemba m'zigawo ziwiri za ICND1 ndi ICND2, n'kukhazikitsa mayeso amodzi okha a 200-301. Satifiketi ya CCENT, yomwe munthu ankapeza akakhoza ICND1, inaleka kuperekedwa pomwepo. Amene anakhoza ICND1 koma n'kuzengereza kulemba ICND2 pofika pa 23 February, anayambiranso pachiyambi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhaniyi sinabwere mwadzidzidzi. Cisco inali italengeza za kusinthaku mu June 2019, miyezi isanu ndi itatu tsikulo lisanafike. Amene anagwa m'mbuna ndi aja ankangowerenga buku osapita pa tsamba la eni mayeso kukaona ngati zinthu zidakali momwemo. Paja safunsa anadya phula.

CCNA ndi satifiketi yosonyeza kuti munthu amadziwa kulumikiza makompyuta ndi kusamalira netiweki, ntchito yofunika m'mabanki, m'makampani a mafoni, m'masukulu aukachenjede ndi m'maofesi a boma. Mayeso ake amatenga maola awiri, amalembedwa kudzera ku Pearson VUE, ndipo mtengo wake ndi madola 300 a ku America. Kwa wachinyamata wa ku Blantyre kapena ku Mzuzu, ndalama imeneyi si yamasewera, makamaka chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Ukalephera umadikira masiku asanu, kenako umalipiranso ndalama yonse. Ndiye kulowa m'chipinda cha mayeso utawerenga silabasi yolakwika n'kutaya thukuta la miyezi ingapo.

Mu 2020 zambiri zinasinthadi. Kukonza EIGRP ndi BGP, komwe ophunzira ankachezera nako usiku, kunachotsedwa, n'kutsala OSPF. M'malo mwake munalowa nkhani za netiweki yopanda nthambo, chitetezo, ndi kuyendetsa zipangizo pogwiritsa ntchito mapulogalamu m'malo mozikonza chimodzichimodzi pamanja. Pa 20 August 2024 mayeso omwewo anakonzedwanso n'kutchedwa v1.1. Nambala inakhala yomwe ija ya 200-301, koma mkati munalowa mafunso okhudza AI, ndipo pulogalamu ya Terraform inalowa m'malo mwa Puppet ndi Chef, pamene Ansible inatsala. Apa m'pamene pali msampha: buku likhoza kulembedwa 200-301 pachikuto koma lili lakale. Nayo CompTIA, kampani ina yopereka masatifiketi, imasintha mayeso ake. Inatulutsa mayeso a Network+ a nambala N10-009 mu June 2024, ndipo akale a N10-008 anatha mu December chaka chomwecho.

Nanga wophunzira achite chiyani akamva kuti silabasi ikusintha? Choyamba atenge mndandanda wa mitu ya mayeso womwe Cisco imapereka mwaulere pa tsamba lake, wakale ndi watsopano, n'kuiyika pamodzi. Achonge ndi cholembera zomwe zachoka, zomwe zalowa ndi zomwe zatsala. Aonetsetsenso mawu oyambirira a mutu uliwonse, chifukwa pena amangofuna kuti ufotokoze chinthu, pena amafuna kuti uchikonze ndi manja ako. Kusiyana kumeneku ndiko kumakuuza mutu woti uthere ola limodzi ndi mutu woti uthere sabata yathunthu.

Akatero adzifunse moona mtima kuti wafika pati. Ngati watha mbali yaikulu ya silabasi yakale ndipo tsiku lomaliza likadali patali, alembetse msanga, asiyenso mpata woti akalephera athe kubwereza. Satifiketi ndi imodzimodzi ndipo imagwira ntchito zaka zitatu, kaya unalemba silabasi iti. Koma ngati wangoyamba kumene, palibe chifukwa chothamangira basi yomwe yanyamuka kale. Ayambe yatsopano mtima uli m'malo.

Mndandanda uja ulinso ndi uthenga wolimbitsa mtima. Mwa magawo asanu ndi limodzi a mayeso a v1.1, gawo la kayendedwe ka IP limatenga 25 peresenti, maziko a netiweki 20, kulumikiza zipangizo 20, chitetezo 15, ntchito za IP 10, ndipo kuyendetsa zipangizo ndi mapulogalamu 10. Zatsopano zomwe zimasowetsa anthu tulo zambiri zili m'gawo lomalizali. Kugawa manambala a IP, kukonza VLAN, kudziwa mmene rauta imasankhira njira, zonsezi zinalipo kale ndipo zidakalipo. Amene anazigwira bwino sanataye kanthu. Wangotsala ndi kuwonjezera.

N'chifukwa chake osweka mtima kwambiri silabasi ikasintha ndi aja oloweza mafunso obedwa omwe amawatcha ma dumps. Mafunso akasintha, mutu umatsala wopanda kanthu. Cisco imaletsa mchitidwewu ndipo ikhoza kulanda satifiketi ya wogwidwa. Ngakhale atapulumuka, tsiku lomwe netiweki ya pa ntchito idzaime, bwana ali chilili kumbuyo kwake, palibe funso loloweza lomwe lidzamupulumutse.

Njira yokonzekera bwino sifuna chuma chambiri. Pulogalamu ya Packet Tracer imapezeka mwaulere kudzera ku Cisco Networking Academy, ndipo imalola munthu kumanga netiweki yonse pa laputopu popanda kugula rauta ngakhale imodzi. Maphunziro a Jeremy's IT Lab pa YouTube ndi aulere, bola bandulo. Mabuku awiri a Wendell Odom ndi odalirika, koma wogula aonetsetse kuti ndi olembedwa motsatira silabasi ya v1.1. Buku lakale lobwereka kwa mnzako lisatayidwe, lingofunika kuliyerekeza ndi mndandanda watsopano.

Silabasi idzasinthanso, chifukwa zipangizo nazo sizikuima. Inu amene mukukonzekera mayesowa, musanatsegule buku usiku uno, pitani kaye pa tsamba la eni mayeso mukaone nambala, mtundu wa silabasi ndi tsiku lake lomaliza. Mukatero, khalani pansi muphunzire ntchito yeniyeniyo.