Kutsitsa galimoto ndi masipiringi: chifukwa chake matayala amathera mbali ya m'kati

Malonda a fodya, soya ndi mbatatesi akayenda bwino, m'misewu ya ku Ulónguè, Dómuè ndi Furancungo mumayamba kuoneka magalimoto achilendo. Akuluakulu amathamangira mapikapu ndi malole, koma achinyamata ambiri mtima wawo uli pa timagalimoto taliwiro tochokera ku Japan, monga Toyota Altezza, Mark X kapena Subaru Impreza. Amene anakagwirako ntchito ku Johannesburg anaona kumeneko magalimoto otsitsidwa, mimba yake itatsala pang'ono kukhudza phula, ndipo akabwera kumudzi amafuna yawo ioneke chimodzimodzi. Njira yotsika mtengo yochitira zimenezi ndi kuchotsa masipiringi amene galimotoyo inabwera nawo, aja amakaniko akuno amawatchula kuti molas, n'kuikapo ena afupiafupi ndi olimba.

Pakapita miyezi ingapo mwini galimotoyo amadabwa kuti matayala amene anagula limodzi ndi masipiringiwo atha kale. Ambiri amati anagulitsidwa matayala achinyengo. Nthawi zina zimakhala zoona, koma kawirikawiri vuto limakhala kaimidwe ka gudumu, kamene kanasintha tsiku limene galimoto inatsitsidwa.

Gudumu la galimoto silikwera ndi kutsika molunjika ngati chidebe cha pachitsime. Limagwiridwa ndi mikono yachitsulo imene mbali imodzi inamangidwa ku thupi la galimoto, ndipo mikonoyo imayenda mozungulira ngati chitseko. Opanga galimoto anayeza kuti ikakhala pa msinkhu wake weniweni, tayala liziponda pansi ndi mphira wake wonse. Masipiringi otsitsa amachotsa masentimita 2 mpaka 5 pa msinkhu umenewo. Zikatero mikono ija imakhala nthawi zonse pamalo pamene ikanafika galimoto itasenza matumba a chimanga, ndipo kumwamba kwa gudumu kumapendekera m'kati. Kupendekeka kumeneku amakutchula kuti camber. Mlimi amene anaonapo ngolo ya ng'ombe yopindika ekiselo chifukwa cha katundu akuchidziwa bwino chithunzi chimenechi: magudumu amatagadza kunsi, kulemera konse n'kupita m'mphepete mwa m'kati.

Magalimoto sapendekeka mofanana. Altezza ndi Mark X zili ndi mikono ingapo pa gudumu lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, choncho zikatsika magudumu onse anayi amapendekeka moonekera. Timagalimoto tokhala ndi mtanda umodzi wolumikiza magudumu akumbuyo, monga Toyota Vitz, kumbuyoko sitisintha kwambiri. Vuto lake limakhala kutsogolo.

Camber amaoneka ndi maso, n'chifukwa chake anthu amamuimba mlandu. Koma chimene chimamaliza matayala mofulumira ndi china chosaoneka, chotchedwa toe, kapena convergência pa Chipwitikizi. Uku ndi kumene gudumu laloza munthu akaliyang'ana kuchokera pamwamba, monga mapazi a munthu amalozera m'kati kapena kunja poyenda. Chitsulo chochokera ku chiwongolero, chimene chimakhotetsa gudumu, nachonso chimayenda mozungulira, koma njira yake siifanana ndi ya mikono ija. Galimoto ikatsika, chitsulochi chimakoka kapena kukankha gudumu pang'ono, ndipo magudumu awiri akutsogolo salozanso kumodzi.

Kupatuka kwake kumakhala kochepa kwambiri, koma masamu ake ndi oopsa. Gudumu likapatuka ndi theka la digiri imodzi, pa kilomita iliyonse limakhala ngati lakokedwa cham'mbali mamita pafupifupi 9. Pa makilomita 100 ndiye kuti mphira wakhwekhwerezedwa pa phula mamita oposa 850. Munthu amene amapita ku mzinda wa Tete n'kubwerako sabata iliyonse amakhala akupala matayala ake ndi tupa osadziwa. Tsono toe wolakwika akakumana ndi camber, kupalako kumagwera pa kachigawo kakang'ono ka m'kati kamene kasenza kulemera konse. Tayala latsopano limabwera ndi mizere yakuya pafupifupi mamilimita 8, koma mphepete imeneyo imatha kufika pa mawaya mbali yakunja ikuonekabe ngati yatsopano.

Apa ndi pamene pali ngozi. Woyendetsa akaima pambali pa galimoto amaona mbali yabwinoyo, n'kumati matayala akadali ndi moyo. Mbali yothayo yabisala kuseri. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, tayala lotere silichotsa madzi bwino pa phula, ndipo mawaya akaonekera limatha kuphulika pa liwiro, pa msewu ngati wotsika kuchokera ku Zóbuè kupita ku Moatize umene umadzaza malole akuluakulu.

Kuliona vutoli sikulira ndalama. Galimoto itaima pamalo osalala, mwini wake akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto kuti mbali ya m'kati ya tayala ituluke poyera. Kumbuyo pamafunika kugwada ndi kuunika ndi tochi. Kenako ayendetse chikhatho pamwamba pa mphira, kuchokera kunja kulowa m'kati n'kubwereranso. Ngati mbali imodzi dzanja likuterera koma pobwerera likukodwa ngati pa mano a sowo, vuto ndi toe. Ngati mphira ndi wosalala koma watha motsetsereka kulowera m'kati, ndi camber. Mabampu ndi timaenje tozungulira tayala lonse timasonyeza kuti ma shock absorber, kapena kuti amortecedores, atopa ndipo gudumu likudumphadumpha. Tayala lotha pakati pokha ndiye kuti limapopedwa mopitirira, lotha m'mphepete zonse ziwiri limayenda ndi mpweya wochepa. M'kati mwa mizere ya tayala mulinso timizere topingasa. Mphira ukatha mpaka kulingana nato ndiye kuti patsala mamilimita 1.6 okha, ndipo tayalalo ntchito yake yatha.

Ma shock aja amavutika pa chifukwa chomveka. Anapangidwa kuti azigwira sipiringi yofewa komanso yaitali. Akapatsidwa yolimba ndi yaifupi, amagwira ntchito atapanikizika kale ndipo sachedwa kutha mphamvu. Mpata woti gudumu likwere likagunda dzenje umachepanso, choncho galimoto imafika msanga pa kamphira koimitsa, ndipo nkhonya yonse imalandiridwa ndi tayala ndi limu. Otsitsa magalimoto ambiri amasinthanso malimu kuika aakulu. Tayala lolembedwa 205/55 R16 lili ndi khoma la m'mbali lotalika pafupifupi mamilimita 113, pamene la 225/40 R18 khoma lake ndi mamilimita 90 basi. Khoma lalifupi likapanidwa pakati pa limu ndi mlomo wa dzenje, ulusi wa m'kati umaduka n'kutuluka chotupa. Chotupa cha m'mbali sichimatidwa. Tayalalo ndi lotaya.

Pali njira ina yachidule imene imachitika m'magalaja a pansi pa mtengo, yodula masipiringi akale ndi chopukusira kapena kuwaotcha ndi moto wa gasi kuti afwamphuke. Imeneyi ndi yoipa kuposa zonse. Sipiringi yodulidwa siikhazikika bwino pa mbale yake, ndipo gudumu likalendewera pa dzenje imatha kuchoka pamalo n'kung'amba tayala. Yootchedwa imataya kulimba kwa chitsulo, imapitiriza kutsika yokha mwezi ndi mwezi mpaka kuthyoka. Ndipo popeza palibe amene amadula zinayi mofanana ndendende, gudumu lililonse limakhala ndi kaimidwe kakekake.

Amene watsimikiza mtima kutsitsa galimoto yake angathe kuchepetsa kuonongekaku. Masipiringi akhale opangidwira mtundu wa galimoto yomweyo, ndipo kutsika kusapitirire masentimita 2 kapena 3. Mabawuti a mikono yokhala ndi mphira amangidwe galimoto itaima pa magudumu ake, osati ili pa jeke, apo ayi mphirawo umakhala wopotoka ndipo umang'ambika msanga. Chachikulu ndi alinhamento, kuwongola magudumu pa makina. Masipiringi atsopano amakhazikika pang'ono m'masiku oyamba, choncho ndi bwino kuyeza galimoto itayendako pang'ono, koma osadikira miyezi. Toe amakonzeka pa galimoto iliyonse kutsogolo. Camber ndiye nkhani ina: magalimoto ambiri alibe pomusinthira, ndipo pamafunika kugula mabawuti apadera kapena mikono yosinthika kutalika. Mtengo umenewu wogulitsa masipiringi sautchula kawirikawiri. Mwini galimoto apemphe pepala la manambala a makinawo, la poyamba ndi la pomaliza, kuti aone yekha chimene chakonzedwa. Kuyeza ndi chingwe kumathandiza kuti munthu akafike ku tauni.

Kusinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse kumagawa kuthako, ngakhale sikuchotsa chimene chikukuyambitsa. Pa matayala okhala ndi muvi wosonyeza kumene ayenera kuzungulira, lakumanzere limakhala kumanzere komweko.

Ngakhale zonsezi zitachitika, msewu ndi umene umagamula. Galimoto yotsitsidwa inaganiziridwa phula losalala. Misewu yafumbi yolowera m'midzi ya ku Tsangano, Macanga ndi Chifunde imakhala ndi mtumbira pakati m'nyengo ya mvula, ndipo masentimita 4 amene achotsedwa aja ndi amene amalekanitsa mtumbirawo ndi beseni la oilo pansi pa injini. Dzenje limodzi lalikulu limathanso kusokoneza alinhamento amene walipiridwa dzulo. Galimoto yoyenda m'tauni mokha ikhoza kupirira. Yonyamula banja, feteleza ndi odwala kuchokera kumudzi, kuitsitsa ndi kudzigulira matayala kawiri pamene anzako agula kamodzi.

Alimi amene alibe nazo ntchito za maonekedwe asaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Katundu wopitirira muyezo amatsitsa galimoto mofanana ndi masipiringi afupi. Kagalimoto kakang'ono kodzazidwa matumba a mbatatesi popita ku msika wa m'malire ku Calómuè kapena ku Biriwiri kamatagadza magudumu akumbuyo ngati kotsitsidwa dala, ndipo masipiringi otopa ndi zaka amachitanso zomwezo. Pikapu ngati Hilux ili ndi ekiselo imodzi yolimba kumbuyo, choncho magudumu ake akumbuyo sapendekeka, koma kumbuyo kukatsika kutsogolo kumadzuka, toe wa kutsogolo n'kusintha, pamene matayala akumbuyo akutentha ndi kulemera. Malire a tayala lililonse analembedwa pa khoma lake, pa nambala yotsatira kukula kwake: 82 ndi makilogalamu 475, 91 ndi makilogalamu 615, ndipo muyezo umenewo umawerengera galimoto, anthu ndi matumba pamodzi, tayala litapopedwa mokwanira.