Galimoto yakale ikamakupetani ngati cimanga m'licero

Mukacoka ku Lifidzi m'mawa pa galimoto yakale ya 4x4, mumafika ku Ulónguè msana ukuwawa. Tomato wa m'dengu waphwanyika. Ngati mwanyamula mayi wodwala, bampu iliyonse imakupwetekani ndi inu omwe. Ambiri amangoti, "Ndi mmene inabadwira." Zoona pang'ono, koma osati zonse. Pali zinthu zimene mungakonze ndi ndalama zocepa, zina osalipira ngakhale metikali imodzi.

Coyamba dziwani cifukwa cake. Toyota Land Cruiser ya mtundu wa 70 inayamba kupangidwa mu 1984. Mpaka 1999 zambiri za mtunduwu zinali ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikizana kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Hilux zambiri zakale za 4x4 zilinso conco. Masipuling'iwa, amene amakanika kuno amati mola, anawapangira katundu. Mukakweza matumba a mbatatesi, amapindika bwino ndipo galimoto imayenda mofewa. Ikakhala yopanda kanthu, sapindika, ndiye imangodumpha ngati mbuzi.

Yambani ndi matayala, pakuti apa sipafuna ndalama. Madalaivala ambiri amapopa mpweya wambiri tsiku lonyamula cimanga, mwina mabar 4 kapena kuposa. Akatsitsa katundu amaiwala kuphwetsa. Tayala lolimba conco lili ngati mwala, ndipo kamwala kalikonse ka mumsewu mumakamva m'mano. Yang'anani kapepala komata pa citseko ca dalaivala kapena m'buku la galimoto. Pamakhala manambala awiri: wa galimoto yolemedwa ndi wa yopanda katundu. Galimoto zambiri zotere zikakhala zopanda katundu zimafuna mabar 2 mpaka 2.5. Ngati geji yanu imawerenga psi, bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi. Yezani m'mawa matayala asanatenthe. Gulani geji yanuyanu, cifukwa kumenya tayala ndi phazi si kuyeza ayi.

Koma musapyole. Tayala lophwa kwambiri limatentha m'mbali ndipo lingaphulike, makamaka mukalowa pa tala kupita ku Calómuè ndi liwiro. Ndipo mukafuna kunyamulanso katundu, popani kaye.

Tsopano lowani pansi. Imitsani pamalo athyathyathya, mangani handibuleki, ikani miyala ku matayala. Ngati mwakweza galimoto, musalowe pansi itangotsamira pa jeki yokha. Ikani zitsa zolimba. Jeki imaterereka, ndipo anthu amafa nazo zimenezi.

Yang'anani masipuling'i. Zitsulo zake zimayenera kutsetserekerana galimoto ikagunda bampu. Koma matope ofiira a m'dzinja amalowa pakati pake, kenako dzimbiri. Pakapita zaka, zitsulo zija zimamatana n'kukhala ngati cimtengo cimodzi. Kwezani thupi la galimoto pang'ono kuti zitsulo zitseguke. Tsukani ndi madzi ndi bulashi ya waya, dikirani ziume, kenako pakani girisi pang'ono kunsonga kwake. Oilo wakale wa mu injini musathire, ngakhale anzanu amatero. Amakoka fumbi, ndiponso amadya mphira.

Mukadali pomwepo, werengani zitsulozo mbali zonse ziwiri. Galimoto zakale zadutsa m'manja ambiri. Mwina mwini wake wakale ankanyamula fodya kapena simenti, ndipo anawonjezera citsulo cimodzi kapena ziwiri. Zowonjezera zimaoneka: makulidwe ake kapena mtundu wake umasiyana ndi zinzake. Ngati inu mumanyamula anthu ndi katundu wocepa, makanika angazicotse. Koma apa ganizani bwino. Ngati mwezi wa Meyi ndi Juni mumadzaza matumba mpaka pamwamba, zisiyeni. Mukacotsa, galimoto idzafewa, koma tsiku la katundu sipuling'i ingathyoke muli pakati pa ulendo. Zitsulo zimene inabwera nazo kucokera ku fakitale musacotse n'cimodzi comwe. Mabawuti okhota ngati U amene amamanga sipuling'i akamasulidwa, ndi bwino kuika atsopano, n'kuwamanganso mukayenda masiku angapo.

Kumapeto kwa sipuling'i kuli kacitsulo kolendewera kokhala ndi mabawuti awiri. Kameneka ambiri sakaona n'komwe. Sipuling'i ikapindika imatalika, ndiye kacitsuloka kamayenera kusuntha ngati citseko pa mahinjesi. Kakagwira dzimbiri, kapena wina akakamanga mopitirira, sipuling'i imasowa kopita. Uzani mnzanu adumphedumphe kumbuyo, inu mukuyang'ana muli pambali. Ngati sikakusuntha, mwapeza wakuba. Masulani, tsukani, sinthani timphira ta m'kati ngati tatha. Timphirati n'totsika mtengo kuposa cina ciliconse pa nchito imeneyi. Pomanga, dikirani galimoto itsike iime pa matayala ake. Mukamanga ili m'mwamba, mphira imapotoka ndipo siicedwa kung'ambika.

Nthawi zina vuto ndi losiyana. Sipuling'i yatopa, yagona, ndipo galimoto ikugunda pa kamphira koletsa kamene kali pamwamba pa ekiselo. Mumamva kuti gu! pa bampu yaing'ono. Onani ngati pamene kamphirako kamagunda pakunyezimira. Sipuling'i yotere imafuna kupindidwanso ndi anthu odziwa, kapena kugula ina yogwirapo nchito. Musalole munthu kuiwotcha ndi moto kapena kuwotcherera citsulo cothyoka. Moto umapha mphamvu ya citsulo, ndipo cimathyokanso pomwepo.

Nanga mashoko, amene m'sitolo amalemba kuti amortecedor? Awa sanyamula galimoto. Nchito yawo ndi kuletsa kudumphadumpha bampu ikadutsa. Kuwayesa n'kosavuta. Yendani makilomita angapo pa msewu woipa, imani, gwirani shoko iliyonse mosamala. Yogwira nchito imakhala yofunda. Yozizira yafa. Yonyowa ndi mafuta nayonso ili pa ulendo. Sinthani awiriawiri, akutsogolo pamodzi kapena akumbuyo pamodzi. Wogulitsa akakuonetsani okwera mtengo a katundu wolemera, musathamangire, cifukwa ena mwa iwo amaumitsanso galimoto. Wamba ofanana ndi amene inabwera nawo akwanira. Ndipo zoyenda popanda mashoko n'komwe, iyayi. Matayala amasiya kugwira pansi, mabuleki ndi ciwongolero sizimvera bwino.

Mukacita zonsezi kumbuyo kukadali kouma, ikani matumba awiri kapena atatu a mcenga, la makilogalamu 50 lililonse, pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo. Amangeni ndi cingwe kuti asamayendeyende. Mafuta adzapita oculukirapo pang'ono, koma mudzamva kusiyana. Wodwala kapena mayi woyembekezera mukhazikeni kutsogolo, pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo, pamene pamagwedezeka pang'ono. Ndipo gwirani mpando wanu womwe. Ngati siponji yake inatha kalekale ndipo mukukhala pa mawaya, pitani kwa wosoka mipando akuikireni ina yokhuthala.